Kodi "mutu" wa pa mwambi wa khotekhote ndi ndani?

Mwana wa ku Malindi: Abale ndithandizeni. Mwezi watha tinaika m'manda azakhali anga. Akumpingo anakana kudzaimba chifukwa khadi lawo la chopereka linali ndi miyezi yosalemba, chonsecho munthu anadwala chaka chathunthu ali gone pamphasa. Zinandiwawa mpaka ndinanena kuti zopemphera ndasiya. Usiku tili pamoto panja pa siwa, amalume anangoti, "Khotekhote ngwa njoka, utsate kumene kwaloza mutu." Ndinayankha kuti mutuwo ndi womwewo watikana, kunena akulu a mpingo. Anandidzudzula kuti Chichewa sindichidziwa. Nanga mutuwo ndi ndani?

Mayi wa ku Namwera: Pepani ndi zovutazo. Anganga anga ankaunena mwambiwu ife ana tikayambana kuchitsime. Wina alongolole, wina alire, iwo ali phee akusenda chinangwa, kenako n'kufunsa funso limodzi lokha, mlandu n'kuthera pomwepo. Anali Asilamu, ankaswali pamkeka kuseri kwa chitseko mpaka tsiku lawo lomaliza. Sindinawamvepo akunena kuti Mulungu watsala ku mzikiti.

Bambo wa pa Boma: Amalume anu aupotoza. Mutu ndi mtsogoleri. Mchira sutsogolera njoka. Mfumu ikagamula, mudzi umatsata, ndipo kumpingo n'chimodzimodzi.

Msodzi wa ku Chembe: Ayi achimwene. Agogo anga aakazi ankanditengera kumanda a amishoni kwathu kuno ku Cape Maclear, n'kundiuza kuti amishoni oyamba anafika mu 1875 pa sitima ya Ilala, malungo anawavuta, mu 1881 mishoni n'kusamukira ku Bandawe. Ndiye ankandifunsa, "Kodi Mulungu naye anakwera sitima?" Ankati mpingo ndi thupi la njoka, umakhota uku ndi uku, lero m'busa wabwino, mawa wokonda ndalama. Iwe uziona kumene ulendo walunjika. Pa Akolose 1:18 mutu wa mpingo ndi Khristu, si komiti ya zachuma.

Bambo wa pa Boma: Mwambiwu ndi wakale kuposa Baibulo la Chichewa, musaulowetse m'mavesi. Makolo ankanena za kumvera akuluakulu. Aliyense akati mutu wanga ndi Mulungu yekha, ndani adzafolere tchalitchi? Mutu umodzi susenza denga.

Mwana wa ku Malindi: Denga limenelo azakhali anathandiza nawo, ankatuta mchenga kunyanja ndi ndowa pamutu. Nyimbo imodzi yokha inawakanika anthu?

Mayi wa ku Namwera: Mwana wanga, pamenepo anakulakwirani, n'zoona. Koma musasiye kugwada chifukwa cha khadi.

Mphunzitsi wopuma wa ku Monkey Bay: Vuto ndi lakuti ana a lero miyambi amangoimva pamaliro ndi pa mayeso a Chichewa. Mdzukulu wanga ndikamupatsa moni amati "bhobho agogo". Popemphera ndimamumva akuti "Mulungu wa Papa", dzina la mneneri wake lili pa sitika pakhomo, pafoni, paliponse. Amayi anga ankati Chauta, Namalenga, Mphambe, osaphatikiza dzina la munthu.

Msodzi wa ku Chembe: Ngakhale mawu oti kachisi sakuwadziwa kuti kale kanali kanyumba kaudzu kothirira nsembe popempha mvula. Akuganiza kuti ndi nyumba ya matailosi ndi masipika.

Bambo wa pa Boma: Za achinyamata tagwirizana, aphunzitsi. Mlongo wanga amamutchula "sisi", ine "madala". Koma pa mwambi sindisuntha, mutu ndi mtsogoleri.

Mwana wa ku Malindi: Loweruka ndiwoloka mlatho kupita kwa amalume, ndikawafunsanso bwinobwino. Kodi alipo amene anamvapo akuti "kwaloza mutu" kapena "kwalinga mutu"? Amayi akuti kwawo ankanena mosiyana.