Zija za maso a tizidole zatheka

Abale, sabata yatha ndinafunsa za kupenta maso a tizidole ta mamilimita 28, poti tizidoleto tonse tinkatuluka ndi maso otong'oka ngati a kadzidzi. Zikomo achimwene amene munati ndiziyamba ndi maso, khungu pambuyo. Zatheka ndithu! Ndimalemba kamzere kakuda, ndiye kadontho kotuwira ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano, kenaka penti wa khungu amaphimba pomwe papyola malire. Penti woyera mbee ndinamusiya, kachidole kamaoneka ngati kaona mzukwa.

Vuto lina linali kutentha. Mumzinda wa Tete penti wa acrylic ankauma pa burashi ndisanafike naye pankhope. Kuno ku Ulónguè kumazizira, komabe ndimasakanizira penti pa pepala lonyowa. Koma milomo yokha ikundisautsabe.