Wodwala wa mu ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya) wovuta kumulowetsa chubu chopumira: tiyambe ndi chida chiti?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Wodwala ndi wamkulu, wonenepa, wa khosi lalifupi, okosijeni ikungosewera pa 88% ngakhale ali pa mask. Pafupi pali laryngoscope (chida choonera kholingo) wamba ya Macintosh, videolaryngoscope (yokhala ndi kamera ndi sikirini), bougie (kandodo kotsogolera chubu) ndi i-gel (chida cholowetsera mpweya chokhala pamwamba pa kholingo). Muyamba ndi chiti, nanga musintha pa nthawi iti?

Dokotala wa ICU: Yambani ndi videolaryngoscope, musaisunge ngati chopulumukira. Munthu wotereyu okosijeni imamuthera m'masekondi ochepa, choncho kuyesa koyamba ndiko kofunika. Pa kafukufuku wa DEVICE wa 2023, chubu chinalowa ulendo woyamba mwa odwala 85 pa 100 ndi video, pomwe ndi laryngoscope wamba anali 71. Musanagwire chida, mutukuleni mutu ndi mapewa madigiri 25 mpaka 30, alandire okosijeni pa NIV (makina okankha mpweya kudzera pa mask) kwa mphindi 3, kenako mankhwala omugoneka ndi rocuronium 1.2 mg/kg kuti nsagwada zifeweretu.

Wa anaesthesia (wogoneka odwala): Ndikuvomereza, koma samalani ndi blade, mbali ya laryngoscope yolowa m'kamwa. Yopindika kwambiri imakuonetsani kholingo bwinobwino pa sikirini, chubu n'kumakana kulowa, chifukwa chikugunda khoma lakutsogolo kwa trachea (njira ya mpweya). Imafuna stylet (waya wolowetsa m'chubu) yolimba yopindidwa mofanana nayo. Nsonga ya chubu ikangodutsa ma vocal cords (timinofu totulutsa mawu), bwezani stylet masentimita 2 kapena 3 ndipo mukankhe chubu. Musalowetsenso blade mozama. Ibwezeni pang'ono kuti chubu chipeze podutsa. Ngati blade ndi ya Macintosh, bougie imathandiza, ndipo chubu chikakodwa pa arytenoids (tichichereche ta kumbuyo kwa kholingo) chitembenuzeni madigiri 90 kumanzere. Magazi kapena masanzi akangopaka kamera simuonanso kanthu, ndiye suction (choyamwira madzi) ilowe patsogolo, blade pambuyo.

Dokotala wa ICU: Pa zosintha: osapitirira maulendo 3, wachinayi ukhale wa katswiri yekha, ndipo ulendo uliwonse musinthepo kanthu. Kubwereza zomwezo kumangotupitsa kholingo. Zikakanika ikani i-gel, saizi 4 kwa wa makilo 50 mpaka 90, saizi 5 kwa woposa 90. Ngati i-gel ndi mask zonse sizikulowetsa mpweya, musadikire mtima kuima: chekani kutsogolo kwa khosi pa cricothyroid membrane ndi scalpel (mpeni wa opaleshoni) nambala 10, lowetsani bougie, kenako chubu cha 6.0 chokhala ndi cuff (kabaluni kotseka m'mbali).

Namwino wa ICU: Chonde capnography (makina oyeza CO2, mpweya wotuluka popuma) ilumikizidwe musanayambe. Kuona nthunzi m'chubu kapena kumva mpweya pachifuwa kumanamiza. Ngati mafunde a CO2 sakuoneka mosalekeza, tengani kuti chubu chili m'njira ya chakudya ndipo chichotseni. Noradrenaline (mankhwala okweza BP) akhalenso wokonzeka, BP imagwa wodwala akangogonekedwa.