Nyale za sola za mumsewu zikuzima pakati pa usiku

Wa ku khonsolo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Khonsolo inaika nyale za sola m'misewu kuti bilu ya magetsi itsike, koma zambiri zikumazima pakati pa usiku. Pa polo iliyonse pali nyale ya LED ya 60W, panelo ya 120W, batire ya lithium (LiFePO4) ya 12.8V 60Ah ndi controller (kachipangizo kowongolera kutchaja kwa batire) ya mtundu wa PWM. Kontrakitala akuti mabatire anatha. Tigule ena?

Mayi Injiniya: Musagule kaye, bwana. Nyale ya 60W ikayaka maola 12 imadya 720Wh (ma watt kuchulukitsa ndi maola). Panelo ya 120W, tiyerekeze dzuwa lamphamvu la maola 4.5, ipereka 540Wh papepala. Mukachotsa zotayika chifukwa cha kutentha, fumbi ndi mawaya, zitsala pafupifupi 380Wh. Gawani ndi 60: maola 6 basi. Ikayaka 6 koloko madzulo, nanga izima nthawi yanji? Batire siikudzadza n'komwe, ngakhale yatsopano idzachita chimodzimodzi.

Mmisiri wa ma controller: Mayi anena zoona, ndipo PWM ikuwonjezera vuto. Panelo yotere imagwira bwino pa 18V, koma PWM imaikokera pansi kufika pa voteji ya batire, cha m'ma 13.3V. Ma amp 6.7 kuchulukitsa ndi 13.3 ndi 89W zokha. Ikani controller ya mtundu wa MPPT, yomwe imalola panelo kugwira ntchito pa voteji yake yabwino. Onaninso ngati controller inatcheredwa pa lithium, 14.4V. Ambiri amaisiya pa lead acid (mabatire a asidi), ndiye ikayamba equalise (kutchaja kwapadera kwa mabatire a asidiwo) voteji imakwera, BMS (kachipangizo koteteza batire ya lithium) n'kudula.

Mayi Injiniya: Chosafuna ndalama ndi kutchera kuwala. Maola 4 oyamba 100%, maola 6 otsatira 30%, maola 2 a m'bandakucha 60%. Zonse pamodzi 420Wh. Ndi MPPT mukhoza kufikapo, koma movutikira, kukachita mitambo masiku awiri mwabwerera pomwe munali. Ine ndingaike panelo ya 180W, bola bulaketi ndi polo zipirire mphepo.

Wa ku khonsolo: Nanga mabatirewo tidziwa bwanji kuti ndi amoyo?

Mmisiri wa ma controller: Tsitsani atatu kapena anayi, muwatchaje pa benchi mpaka adzadze, kenako muwalumikize ku chinthu chokoka 6A. Wabwino afika pafupi maola 10. Wolephera maola 8 yekhayo ndiye mubweze kwa kontrakitala. Mukakwera pa polo, pukutani panelo, muyeze ma amp ochokera ku panelo ndi clamp meter (choyezera chopana pa waya) masana dzuwa lili paliwombo, muonenso nthambi: mthunzi pa maselo ochepa umagwetsa panelo yonse.