Zomwe ndapeza pa funso langa la ma tram a ku Johannesburg

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati malemu agogo anga, amene anagwirako ntchito ku Joni, ankanena zoona kuti mumzindawo munali sitima zing'onozing'ono zoyenda pa njanji pakati pa msewu, zotchedwa ma tram. Ndikuthokoza nonse amene munandithandiza, ndipo tsopano ndatsimikiza kuti agogowo sankakokomeza ayi.

Ma tram oyamba anayamba kuyenda mu 1891, patangopita zaka zisanu chikhazikitsireni mzindawu, ndipo ankakokedwa ndi mahatchi, pochokera ku Market Square pakati pa tauni. Amagetsi anabwera mu February 1906, ndipo ambiri anali osanjikiza, okhala ndi mipando pansi ndi pamwamba, akulandira mphamvu kudzera pa ndodo yachitsulo yokhudza waya wodutsa m'mwamba mwa msewu. Chimene chandikhudza mtima kwambiri n'chakuti anthu akuda ankapatsidwa ma tram awoawo, kotero kuti agogo akamafotokoza za kudikira nthawi yaitali pamalo okwerera, ankanena za tsankho limene analiona ndi maso awo.

Ulendo womaliza unachitika pa 18 March 1961, mabasi atatenga malo. Ena mwa ma tram amenewa akusungidwa ku James Hall Museum of Transport, nyumba yosungiramo zinthu zakale za mayendedwe ku Johannesburg komweko, kumene ndikufuna kukafika chaka chino chisanathe.