Kwale paphiri lathu: pepala lija tinasainira chiyani?

Wapampando: Abale ndi alongo a kwathu ku Kasungu, mwaswera bwanji. Ndangolankhula ndi amfumu pa foni. Akuti Lachiwiri kunabwera anthu a kampani imene ikufuna kumaphwanya miyala paphiri lija la kuseri kwa sukulu, pamodzi ndi akatswiri amene akulemba lipoti la zachilengedwe. Gulu lathu linene maganizo ake lisanafike Loweruka.

Achimwene a ku Joni: Ine ndiye ndikuti abwere basi. Anyamata akwathu adzaza kuno chifukwa kumudzi kulibe pogwira. Ndipo malole awo sangayende m'matope aja, msewu aukonza okha.

Achemwali a kumudzi: Achimwene, ine ndinalipo pansi pa mkuyu paja. Analankhula pafupifupi ola, zambiri m'Chingerezi, mnyamata wina n'kumamasulira modumphadumpha. Kenako anagawa Fanta ndi mabanzi, pepala n'kumayenda. Anati n'longolemba amene abwera. Agogo anadinda chala osadziwa kuti pamwamba palembedwa chiyani. Nditafunsa za chitsime cha kudambo, chija timathirira tomato ndi mpiru, anati zonse zili mu lipoti. Lipotilo palibe analiona, ngakhale amfumu.

Aphunzitsi opuma: Mwana wanga, wachita bwino kufunsa. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limati ntchito zikuluzikulu ngati migodi, madamu ndi misewu zisayambe kusanachitike kafukufuku wa momwe zikhudzire anthu ndi chilengedwe, amene amamutcha ESIA. Amene amaunika ndi kuvomereza lipotilo ndi bungwe la boma la MEPA. Koma dziwani ichi: olemba lipoti amalembedwa ntchito ndi kulipidwa ndi mwini ntchitoyo. Sindikuti ndi abodza ayi, koma zimene ife sitinanene iwo sadzatinenera. Ndipo mapepala a mayina ngati lija amawaika kumapeto kwa lipoti ngati umboni woti anthu anafunsidwa.

Achemwali a kumudzi: Ndiye kuti chala cha agogo chikaoneka ngati avomera?

Aphunzitsi opuma: Chikhoza kuwerengedwa choncho ngati tikhala chete.

Amalume olima fodya: Ine mantha anga ndi fumbi. Zigafa zanga zitatu zili m'mphepete mwa njira imene malolewo azidutsa. Fodya wa bale amauma ndi mphepo, chigafa chilibe zipupa. Tsamba likadya fumbi, pa msika wa fodya wa Chinkhoma ogula amangolitembenuza kamodzi n'kutsitsa giredi. Ntchito ya chaka chonse, kuyambira ku nazale, imathera pomwepo. Andiuze kuti azithira madzi mumsewu kangati pa tsiku, ndipo madziwo azitunga kuti. Akamatunga kudambo komweko ndiye kuti madimba auma pofika Okutobala.

Achimwene a ku Joni: Amalume, ndakumvani, koma tisawaopseze. Tikachulutsa mafunso apita kwina, miyala ili paliponse. Tidzatsala ndi phiri lathulo, ana akuyendabe m'matope.

Msungichuma: Achimwene, wabwino sathawa mafunso. Taonani anzathu a ku Kanyika, ku Mzimba kuja, kufupi ndi malire athu. Anauzidwa cha mu 2012 kuti asamutsidwa chifukwa cha mgodi wa niobium. Anthu analeka kukonza nyumba ndi kusamala minda podikira chipukuta misozi, zaka n'kumapita, mpaka nkhani inakafika kukhoti. Ku Kayelekera mgodi unatsegulidwa mu 2009, pofika 2014 n'kuima mtengo wa uranium utagwa, anthu ambiri ntchito n'kuwathera. Ntchito ndikuifuna ngati inu nomwe. Koma alembe: anthu angati akwathu, ntchito zanji, kwa zaka zingati, ndipo dzenjelo adzalikwirira ndani akamachoka. Maenje osiyidwa aja amadzaza madzi dzinja, ana n'kumakasambiramo.

Amalume olima fodya: Palinso nkhani ya kumanda. Msitu uja uli kumunsi kwa phiri, ndipo nonse mukudziwa kuti si manda okha, ndi kudambwe. Kodi anafunsa eni dambwe? Zimenezi sizikambidwa pabwalo pali ana ndi alendo. Anayenera kukhala pansi ndi akuluakulu paokha.

Achemwali a kumudzi: Sanatero, amalume. Mapu awo anangowaonetsa chapatali, manda sindinawaonepo. Mayi anga agona kumeneko.

Achimwene a ku Joni: Pepani achemwali, zimenezo sindimadziwa. Za manda ndiye ayi. Koma tisatseke khomo, tikambirane nawo.

Aphunzitsi opuma: Palibe akutseka, mwana wanga. Mu lipoti muli gawo limene limandandalika vuto lililonse, chimene adzachite, wochita ndani ndi ndalama zake. Pamenepo ndi pofunika kuwerenga mzere ndi mzere: nthawi yophulitsa miyala poti sukulu ili pafupi, ming'alu ya nyumba, fumbi, chitsime. Nyumba zonse zoyandikira azijambule asanayambe, apo ayi khoma likadzang'aluka adzati linali long'aluka kale. Ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ndi zikalata zosungidwa ndi boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, kupempha lipotili si mwano.

Mlembi: Ndalemba izi a wapampando. Kalata ipite kwa bwanamkubwa ndi kwa mkulu woona zachilengedwe ku khonsolo, ina ku MEPA, amfumu ndi a komiti ya chitukuko cha dera (ADC) alandirenso yawo. Tikupempha lipoti lonse, chidule chake m'Chichewa, ndi msonkhano wina wolengezedwa padakali nthawi. Tinenenso poyera kuti pepala la Lachiwiri linali la mayina chabe.

Wapampando: Zili bwino. Msungichuma, tulutsani ya thiransipoti, achemwali ndi amalume akasiye kalatayo ku boma Lachisanu. Akaidinde, ina mubwere nayo.

Achemwali a kumudzi: Ndipita. Koma mawa ndiyamba ndakajambula chitsime ndi madimba, madzi akadali odzaza, ndizitumiza pompano.