Wondikongola £7,200 wasamukira ku Glasgow, ndikamusumire kuti?

Abale anga a m'gulu muno, makamaka inu muli ku UK kuno, ndithandizeni nzeru chifukwa mutu waima. Mu 2022 ndinakongoza mnzanga amene tinkagwira naye ntchito ku Leeds, ku England, £7,500 kuti agulire van. Ndalamazo ndinatumiza kudzera ku banki, ndipo iye analemba yekha pa WhatsApp kuti abweza pakatha miyezi sikisi. Anangoponyako £300 kamodzi, basi. Pano mauthenga anga amawerenga ndithu, timizere tija timasanduka tabuluu, koma yankho zii. Zinali ndalama za mashifiti a usiku, ndikaganiza mtima umawawa.

Ndinali nditakonzeka kukasuma ku small claims, njira ya kukhoti ya milandu ing'onoing'ono ya ndalama, poti ku England ndi Wales amalandira mlandu wa ndalama zosapitirira £10,000, ndipo ukaluza nthawi zambiri sulipira loya wa mnzakoyo. Nditalowa pa Money Claim Online, webusaiti ya boma yosumirapo ngongole, ndinapeza kuti wosumiridwa ayenera kukhala ndi adiresi ya ku England kapena Wales. Munthu wangayu anasamukira ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland. Ku Scotland njira yachidule imatchedwa Simple Procedure, ku khoti lawo lotchedwa Sheriff Court, koma imathera pa £5,000. Ngongole imodzimodziyo ku Leeds ndi kamlandu kakang'ono, ku Glasgow yakula.

Ndiye nditani? Ndingasume ku khoti la ku England poti tinagwirizana konkuno, kapena ndiyenera kumulondola kwawoko? Nanga n'kwanzeru kungofuna £5,000 kuti ndilowe mu Simple Procedure, £2,200 n'kuiwala? Zimenezi mtima ukukana.

Yankho loyamba:
Pepani achimwene. Musanaganize zotaya £2,200, yang'anani nthawi. Ku England ngongole yotere mumaisumira mkati mwa zaka 6, ku Scotland ndi zaka 5 zokha. Tsiku limene anabweza £300 lija ndi lofunika kwambiri powerengera zakazi, lipezeni pa statement ya ku banki. Mauthenga onse jambulani lero lomwe, asanafufute.

Yankho lachiwiri:
Yambani mwamulembera kalata yochenjeza, yonena ndalama zake ndi tsiku lomaliza kubweza. Kuwina mlandu si kulandira ndalama. Chigamulo cha ku England chimafunika kukalembetsedwa ku Scotland kaye kuti ma sheriff officer, omwe amakwaniritsa zigamulo za khoti kumeneko, amutsatire. Pitani ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu, salipiritsa. Van ija ikadalipo?

Mwini funso:
Zikomo nonse. Van ilipo, ndinaiona pa status yake sabata yatha itapakidwa penti watsopano. Kalata ndilemba usiku uno, koma adiresi yake yeniyeni ya ku Glasgow ndilibe. Pamenepa mumatani?