Magawo a CMake tiziwatchula bwanji mu README?

Mlongoti:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndikulemba README (fayilo ya malangizo) ya pulogalamu yathu ya C++, imene timaimanga pogwiritsa ntchito chida chotchedwa CMake, ndipo oyamba kuiwerenga ndi achinyamata awiri amene ndikuwaphunzitsa ntchito. Paliponse ndinangolemba kuti "pomanga pulogalamuyi", osasiyanitsa chilichonse.

Lachiwiri mmodzi wa iwo, mtsikana wakhama zedi, anatha masana onse akulimbana ndi execute_process, lamulo la CMake loyendetsa pulogalamu ina. Amafuna kukopera fayilo imene imatuluka compiler (chida chosandutsa code kukhala pulogalamu) ikamaliza, koma fayiloyo osapezeka. Nditakoka mpando n'kukhala pambali pake ndinaona kuti execute_process imagwira ntchito pamene CMake ikuwerenga CMakeLists.txt, fayilo ya malangizo ake, compiler isanadzuke n'komwe. Chimene chimafunika ndi add_custom_command ya POST_BUILD, imene imadikira kuti kumangako kuthe. Anandilozera pa sikirini n'kunena kuti, "Koma achimwene, apa munalemba kuti zonsezi zimachitika pomanga." Zinandiwawa, chifukwa iye anatsata ndendende zimene ndinalemba.

Ndiye funso langa: magawowa ndinene kuti ndi awiri kapena atatu? Wongoyamba kumene amaona malamulo awiri basi, `cmake -S . -B build` kenako `cmake --build build`. Komanso, mayinawo ndiwamasulire m'Chichewa kapena ayi?

Nankungwi:
Atatu achimwene, musachite kukayika: configure, generate ndi build. Tayang'anani mizere yomaliza lamulo loyambalo likatha: "Configuring done", pansi pake "Generating done". Ndi CMake yomwe ikukuuzani kuti yagwira ntchito ziwiri. Ngakhale pa cmake-gui mabatani ake ndi awiri, Configure ndi Generate.

Mukaziphatikiza, tsiku limene ana anuwo adzakumane ndi ma generator expression (zilembo zoyamba ndi `$<` zimene CMake imazimasulira nthawi ya generate) mudzasowa ponena. Muwauze alembe `message("$<CONFIG>")` aone. Sipatuluka Debug kapena Release (mitundu ya build) ayi, zilembozo zimangobwera mmene anazilembera, chifukwa message imayankhula nthawi ya configure pomwe `$<CONFIG>` imadikira generate. Zimenezi mungazifotokoze bwanji gawo lachiwirilo lilibe dzina?

Mayina musawamasulire. Zikavuta, CMake imalemba kuti "Configuring incomplete, errors occurred!" kapena "CMake Generate step failed". Mwana akaona mawu amenewa azitha kuwapeza mu README yanu, komanso pa intaneti. Chichewa chigwire ntchito yofotokoza zimene zikuchitika m'gawo lililonse.

KachereKodi:
Ine ndikusiyana nawo pang'ono a Nankungwi. Enafe tinakulira pa `./configure`, `make`, `make install`, ndipo zinali zomveka chifukwa dzina lililonse linali chinthu chimene umachita kutayipa wekha. Patsamba loyamba ndingaike awiri, za generate n'kuzisungira mtsogolo. Chenjerani ndi liwu la configuration: mu CMake limatanthauzanso Debug kapena Release. Wophunzira wanga wina anasokonezeka nalo sabata yathunthu.

Namadzi_ku_Leeds:
Pepani a KachereKodi, koma kumangirira dzina la gawo pa lamulo lotayipa ndi pamene pali msampha. Sinthani mzere umodzi mu CMakeLists.txt, kenako mutayipe `cmake --build build` yokha. Muona configure ndi generate zikubwerezedwa zokha, Ninja kapena Make (chida chimene chimaitana compiler) isanakhudze fayilo ya .cpp ngakhale imodzi. Lamulo limodzi, magawo onse atatu. Mwana amene anauzidwa kuti lamulo lachiwiri ndi lomanga basi adzadabwa kuona execute_process yake ikuyambiranso.

Si CMake yokha. Gradle, chida china chomangira mapulogalamu, ili ndi magawo a initialization, configuration ndi execution, ndipo ndinalumidwapo: println (lamulo lotulutsa mawu pa sikirini) imene ndinaika m'kati mwa task, kunja kwa doLast imene imadikira execution, inkatuluka ngakhale ndisanaitane task-yo. Bazel nayo imati loading, analysis, execution.

Chimene chinandithandiza ine n'kufotokoza gawo ndi zimene limasiya mu foda. Configure imasiya CMakeCache.txt. Generate imasiya build.ninja kapena Makefile. Build imasiya mafayilo a .o ndi pulogalamu yeniyeniyo. Munthu akhoza kutsegula foda ya build n'kudzionera pamene zinaimira.

Mlongoti:
Zikomo nonse. Ndatenga atatu, mayina ake a Chingelezi momwemo, ndipo pansi pa lililonse ndaika chiganizo chimodzi cha Chichewa ndi fayilo imene limasiya, monga anenera a Namadzi. A KachereKodi, chenjezo lanu ndalimva: ponena za Debug ndi Release ndikulemba "mtundu wa build", liwu la configuration ndalichotseratu. Liwu loti "pomanga" ndalisiya pokhapo pamene compiler ikugwiradi ntchito.

M'mawa uno ndinamupatsa mtsikana uja kuti awerenge. Anafufuta foda ya build, anatayipa lamulo loyamba, n'kutsegula fodayo kufuna fayilo ya .o ya pulogalamu yathu. Sanaipeze. Wandipempha kuti ndiwonjezere gawo la install, ndiye madzulo ano ndili pa `cmake --install`.